Chitenje cha Timakiyi pa Mwendo wa Amiri

Ummy anamva kubuula asanaone munthu. Anali atasenza dengu la mbatata yophika ndi fulasiki ya tiyi, akuponda mosamala pa kamzere ka dothi kamene kamalekanitsa minda ya mpunga kumunsi kwa mtsinje wa Bua. Mwera unkawomba, mpunga wa faya utacha mpaka kuwerama. Anaima kuti amvetsere. Mawuwo anali a mwamuna wake, Amiri. Zaka khumi ndi zinayi za banja zinali zitamuphunzitsa kusiyanitsa kubuula kwa malungo ndi kubuula kwa ulesi, koma uku kunali kwachilendo.

M'munda mwawo anapeza chikwakwa chili pansi, malaya ali pa nsanja yoingitsira mbalame. Mwini wake munalibe. Kubuulako kunkachokera kutsidya kwa ngalande, m'munda wa Mwanahalima, mayi wamasiye amene mwamuna wake anamwalira zaka ziwiri zapitazo.

Pa ngalandepo panali chipika cha mgwalangwa chimene anthu ankawolokerapo. Chinali chonyowa, ndipo pakati pake pankaoneka pamene phazi la munthu linaterereka. Thumba la mpunga linali gone m'matope, mbali ina ili m'madzi. Ummy anawoloka, natula dengu.

Amiri anali chagada pa udzu, nkhope itatuwa, thukuta lili kamukamu. Buluku lake linali litang'ambidwa mpaka pa ntchafu. Pambali pake panagwada Mwanahalima, dzanja lina litapanikiza nsalu pa msongolo wa Amiri, lina litagwira phazi kuti lisagwedezeke. Chitenje sanavale. Anali ndi siketi yakuda yokha yolekeza m'mawondo. Chitenje chake chinali pa udzu, chitang'ambidwa kale m'zidutswa zazitali.

"Mayi a Kalilu, mwafika nthawi yabwino," anatero Mwanahalima osadzutsa mutu. "Gwirani phazi ili. Manja andichepera."

Ummy sanagwire. Maso ake anali pa nsalu ija. Inali yobiriwira, yokhala ndi timakiyi tachikasu.

Nsaluyo ankaidziwa. Anaipeza m'chikwama cha Amiri mwezi wa Ramadhani, tsiku limene bamboyo anabwera kuchokera ku Dwangwa. Anaitambasula, anaiyesa m'chiuno, kenako anaipinda bwinobwino momwe anaipezera, kuti pa Idi adzaoneke ngati wadabwa. Idi itafika, Amiri anamupatsa nsapato zapulasitiki. Ummy anaganiza kuti mwina nsalu ija inapita kwa apongozi ake. Anapitako kawiri, akuyang'ana pa chingwe choyanikira zovala, koma sanaione. Chaka chino sankabwera kumunda kawirikawiri chifukwa ankagulitsa zitumbuwa pa sukulu. Timakiyi tija anali kutionanso lero.

"Bambo a Kalilu, chachitika n'chiyani?"

"Ndaterereka pa chipika," anayankha Amiri mano atalumana. "Thumba landigwera pa mwendo."

"Thumba lake la ndani?"

Amiri anatsinzina.

"Ndi langa," anatero Mwanahalima. "Ndawauza kuti alisiye, a Raston abwera ndi ngolo masana. Sanamve. Phazi, mayi a Kalilu. Zinazo tikamba pambuyo."

Ummy anagwada n'kugwira phazilo. Apo m'pamene anauona bwino mwendowo. Pansi pa bondo unali utapindika pamalo pamene mwendo supindika. Nsalu imene Mwanahalima anapanikiza inali itafiira pakati.

"Tiuwongole," anatero Ummy. "Inu muwagwire m'mapewa, ine ndikoke. Malume anga atathyoka mkono anawakoka, n'kuwathowa ndi madzi otentha. Mpaka lero akupalasa bwato."

"Ayi, tisakoke. Fupa laboola khungu. Tikakoka, nsonga yake icheka mitsempha m'kati. Timanga momwe uliri."

"Udokotala mwauphunzira liti?"

Mwanahalima anamuyang'ana koyamba. Maso ake anali ofiira ndi fumbi la mpunga.

"Miyezi iwiri ndinagona pansi pa bedi ku chipatala cha boma, ndikudwazika malemu galimoto itawagunda. Amene ankabwera atakokedwa kumudzi ndinkawaona. Ena ankatuluka mwendo utatsala konko."

Zoti mayiyu anadwazika mwamuna wake mpaka kumutseka maso, mudzi wonse unkazidziwa, ndipo amuna ankamutamanda nazo. Amiri nayenso anazinenapo kangapo pa nthawi ya chakudya.

Mwanahalima anapinda kachidutswa kena n'kusanjika pamwamba pa nsalu yamagazi ija, osachotsa yoyambayo, namanga mofatsa. Kenako anadzuka. Pafupi pomwepo panali mphasa yakale imene ankapunthirapo mpunga. Anaikutumula, natenga chikwakwa chake n'kudula mbali imodzi, atayeza ndi maso kuyambira pa ntchafu ya Amiri mpaka kupitirira chidendene. Anasankha mapesi ouma a mpunga, ofewa, n'kuwayala pa mphasapo.

"Tinyamule mwendo pamodzi, pang'ono pokha. Inu ku phazi, ine pansi pa bondo. Musakoke, mungotsatira ine. Bisimila."

Ananyamula. Amiri anakuwa, nagwira udzu ndi manja onse awiri.

"Halima, pang'onopang'ono."

Ummy anatsala pang'ono kulitaya phazilo. Halima. Osati a Mwanahalima, osati mayi a uje. Dzina lodulidwa chonchi munthu salitola tsiku limodzi.

Mphasa ija inalowa pansi pa mwendo. Mwanahalima anafutsira mapesi ena m'mbali mwa kakolo ndi pansi pa bondo, kenako anakulunga mphasa kuti mabango ake aime motsatira mwendo, zala zokha zili kunja. Anatambasula dzanja kuti atole chidutswa cha chitenje.

"Dikirani," anatero Ummy. "Timange ndi changa."

Anali atatenga kale nkhata imene anasenzera dengu. Inali ya chitenje chake chakale chabuluu.

"Ichi chang'ambika kale. Tiwonongerenji ziwiri?"

"Mwamuna wanga sangadutse m'mudzi atamangidwa ndi chitenje cha mkazi wina."

"Ya pa chilondayo sitingaichotse. Magazi ayamba kugwirana, tikaisuntha ayambiranso. Zapamwambazi ndi nsalu chabe, mayi a Kalilu. Fupa silisankha mtundu."

"Fupa silisankha, koma anthu a pa mjigo ali ndi maso."

"Amayi inu," anadandaula Amiri, "ine ndikufa kuno."

"Simukufa," anatero Ummy. "Khalani chete, akuluakulu akukambirana."

Mwanahalima sanadikire kuti nkhaniyo ithe. Anamanga pa ntchafu, pamwamba pa bondo, pansi pa chilonda, ndi pa kakolo. Mfundo zonse anaziika kumbali yakunja. Manja ake ankagwira ntchito mwachangu, koma Ummy anaona kuti ankanjenjemera pang'ono. Anaonanso kuti atamaliza, anachotsa kaphesi kamene kanamatirira pa bondo la Amiri, ngati mmene munthu amachotsera kachitsotso pa chinthu chake.

Amiri anapempha chakumwa. Ummy anakoka dengu msanga n'kutsegula fulasiki. Apa pokha panalibe womuposa. Tiyiyo anaphika yekha, shuga masupuni atatu, mmene bamboyo amakondera.

"Musawapatse," anatero Mwanahalima.

"Ngakhale tiyi wanga?"

"Ku chipatala akhoza kuwagoneka tulo kuti akonze fupa. Akadya kapena kumwa amachedwetsa. Mungowanyowetsa milomo ndi madzi."

Ummy anatseka fulasiki pang'onopang'ono, mpaka chivindikiro chinalira.

Mwanahalima anati anawaimbira kale a Raston pa foni ya Amiri, akubwera ndi ngolo pamodzi ndi a Yasini, koma ngolo singafike kuno chifukwa cha matope. Pafunika machila. Anatola matumba awiri opanda kanthu ndi chikwakwa, nati akazula mitengo iwiri pa nsanja ya kutsidya.

"Musakhudze chilichonse mpaka ndibwere," anatero, nawoloka chipika chija osadzandira, ngati wayenda pa bwalo.

Amiri anamuperekeza ndi maso. Ummy anawaona masowo. Ananyowetsa nsonga ya nkhata yake ndi madzi a m'botolo limene linali pa udzu n'kumupukuta milomo, mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira.

"Timakiyi iti ndikutidziwa," anatero.

"Mayi a Kalilu, ino si nthawi yake."

"Nthawi yake ndi ino. Lero simungadzuke n'kunena kuti mwachedwa ku mzikiti, kapena anzanu akukudikirani pa bawo."

Amiri anayang'ana kumwamba. Mbalame za mpunga zinadutsa gulu, n'kukatera m'munda mwawo momwe munalibe woingitsa.

"Ndinangomumvera chisoni," anatero.

"Chisoni cha ku Dwangwa, chopinda bwino m'pepala. Ine ndinachiyesa m'chiuno, mukudziwa? Ndinkati ndi changa. Pa Idi ndinasamba m'mamawa, ndikudikira."

"Ndimati ndikuuzeni tikatha kukolola."

"Mundiuze chiyani?"

"Mukudziwa kuti chipembedzo chathu chimalola mitala."

"Chimalola amene angathe kusenza. Inu thumba limodzi lokha lakugonekani apa."

Amiri anafuna kuseka kapena kulira, sizinadziwike. Ummy anafunsa motsitsa mawu.

"Iye anati chiyani?"

"Sanayankhe. Koma chitenjecho amavala tsiku lililonse."

Mawu amenewa anamulowa Ummy kuposa onse. Anakhala pansi, nkhata ili m'manja. Anaimasula, naitambasula pa miyendo pake. Chitenje chabuluu chija chinali chofewa ndi kuchapa, sichikanavuta kung'amba. Anayang'ana kutsidya. Mwanahalima anali atawapatsa msana, akulimbana ndi mtengo wa nsanja.

"Zala zanga zachita dzanzi," anatero Amiri.

Ummy anayang'ana phazi. Mapazi amenewa ankawadziwa kuposa mwini wake. Anawazula minga, anawadula zikhadabo, anawathira mafuta m'ming'alu nthawi ya chilimwe. Ngakhale kuzizire bwanji, mapazi a Amiri ankakhala otentha. Lero zala zinali zozizira ngati nsomba, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitayamba kuda. Kakolo anali atatupa, chidutswa cha m'munsi chija chitalowa m'mphasa mothina.

Apa sanafunse munthu. Anamasula mfundo ya pa kakolo, nalezetsa pang'ono, dzanja lina litagwira mphasa kuti isatseguke. Anadikira. Patapita kanthawi anatsina chikhadabo chija. Chinayera, kenako mtundu unabwerera.

"Zayamba kunyerenyetsa," anatero Amiri.

Chidutswa chobiriwira chinali lende m'dzanja lake, chomasuka. Zinatsala zitatu zokha. Ummy anawerenga m'mutu: kung'amba chake kanayi, kumasula chimodzichimodzi, kumanga chabuluu pamalo pake. Ya pa chilonda ili m'kati mwa mphasa, palibe angaione. Mwanahalima akamabwera apeza zatha. Pa mjigo anthu aona buluu.

Analuma m'mphepete mwa chitenje chake kuti ayambe kung'amba, koma anaganiza zoyamba wamasula. Anapititsa zala pa mfundo yachiwiri, ya pansi pa chilonda. Inali yolimba. Anaikanda ndi chikhadabo mpaka inalola.

Mphasa inatseguka pang'ono. Phazi linagwera kumbali, ndipo m'kati mwa mwendo munamveka kanthu kakukhulana. Amiri anakuwa mawu amene Ummy anali asanawamvepo chikwatiwire. Pakati pa mabango panatuluka kadontho ka magazi atsopano, n'kuyenderera pa phesi.

Ummy anagwira phazi ndi manja onse awiri. Anaona mwamuna wake akutsika basi pa msewu ndi ndodo ziwiri, mwendo wa buluku utapindidwa ndi pini. Anaona iye mwini akufotokozera Kalilu, amene anali ku sukulu ku Dwangwa, kuti atate ake anapunduka chifukwa cha mtundu wa nsalu.

"Pepani, bambo a Kalilu. Pepani. Musagwedezeke."

Anatseka mphasa mosamala, phazi atalitsamiritsa pa bondo lake. Anatenga chidutswa cha timakiyi chomwe chija n'kuchimanga pamalo pake. Anamanganso cha pa kakolo, molezeka pang'ono kuti chala chake chizitha kulowa. Kenako anaika chikhatho pamwamba pa mphasa, pamene panali chilonda, n'kupanikiza mofatsa mmene anaonera mnzake akuchitira. Anawerenga mpweya wa Amiri mpaka unayamba kutsika. Kadontho kachiwiri sikanabwere.

Mwanahalima anafika akuthamanga, mitengo iwiri ili pa phewa.

"Chachitika n'chiyani?"

"Zala zinazizira. Munathinitsa pa kakolo."

Mwanahalima anagwada, nakhudza zala, nalowetsa chala pansi pa chidutswa cha m'munsi.

"Zoona, ndinathinitsa. Mwendo watupa. Mwachita bwino, ine sindikanaona msanga."

Kenako maso ake anakwera pa mfundo yachiwiri. Iye ankamanga mfundo zake kumbali, koma iyi inali pamwamba. Anaona magazi pa phesi, anaona chitenje chabuluu chili chotambasula pa udzu, m'mphepete muli malovu. Anayamba kulowetsa mitengo ija m'matumba, ataboola m'makona, kuti apange machila.

Chapatali kunamveka belu la ng'ombe ndi mawu a amuna awiri akubwera pa kamzere. Ummy anatola chitenje chake chabuluu. Chikanakwana bwino kufunditsa mwendo wonse, kuyambira pa ntchafu mpaka ku zala, timakiyi tonse tikanabisika. Cha m'chiuno mwake sakanavula pamaso pa amuna. Nsalu yapadera inali imodzi yomweyi.

Anayang'ana mwendo. Anayang'ana Mwanahalima, amene anali atawerama pa machila, siketi yonyowa itamumatirira, mawondo ali pamtunda. Anayang'ananso Amiri, napeza kuti ngakhale ali mu ululu wotere, maso ake anali komweko.

Anamuponyera Mwanahalima chitenjecho.

"Valani. Kukubwera anthu."

Mwanahalima anachiwakha, nachimanga m'chiuno msanga. "Zikomo, mayi a Kalilu."

"Musathokoze. Sindinachitire inu."

Raston ndiye anali patsogolo, bambo wamfupi wa mawu aakulu amene ngolo yake inkatuta mpunga wa dambo lonselo. Yasini, msuweni wa Amiri, ankabwera pambuyo mwakachetechete.

"A Amiri, mwatani kodi? Chipika chomwe chija timawoloka ndi ana omwe?" anatero Raston. Anazungulira mwendo uja akuusirira. "Koma ndiye mwatchena. Mwendo umodzi wapita ku ukwati, winawo watsala kumunda. Mayi a Kalilu, chitenje chokongola chonchi mwalimba mtima kung'amba? Akazi anga akanayamba afunsa kaye ngati mwendowo ndi wofunika."

Yasini anamugunda ndi chigongono. Raston anayang'ana timakiyi tija kachiwiri, anayang'ana Mwanahalima ali mu chitenje chabuluu, natsokomola.

"Mwera wa chaka chino ndi woipa," anatero. "Tiyeni tinyamule."

Anamusunthira pa machila onse anayi, Ummy atagwira mwendo. Sanalole wina kuugwira. Amuna awiriwo sanayese kudutsa pa chipika. Analowa m'ngalande, madzi akulekeza m'chiuno, machila atawakweza m'mapewa. Pa ngolo anayalapo mapesi ambiri, namugoneka Amiri, Yasini atakhala pambali kuti mwendo usagundike. Raston ankayendetsa ng'ombe pang'onopang'ono, akuzinyengerera pa bampu iliyonse. Amayi awiriwo ankayenda pambuyo.

Njira ya kumsewu inkadutsa pa mjigo. Panali amayi asanu ndi mmodzi. Anasiya kupopa. Anafunsa za ngoziyo, anapepesa, anati Mulungu achiritse. Koma Ummy anaona maso awo akuchoka pa mwendo kupita m'chiuno mwa Mwanahalima, n'kubwerera pa mwendo. Asanafike n'komwe pa mtengo wa mango, anamva kumbuyo mjigo utayambanso kulira pamodzi ndi manong'onong'o. Anayenda mutu uli chilili, dengu lili pa mutu popanda nkhata, likumupweteka pa liwombo.

"Mayi a Kalilu," anatero Mwanahalima motsitsa, ngolo itatalikirako pang'ono. "Chitenje chija sanandipatse m'manja. Anakachisiya kwa mayi anga."

"Sindinakufunseni."

"Ndikudziwa. Ine ndimati tibweze, mayi anati kubweza mphatso n'kunyoza munthu amene timakumana naye ku mzikiti ndi kumaliro. Ndiye ndinayamba kuchivala kumunda, m'matope, tsiku ndi tsiku. Ndinkapukutira thukuta, ndinkakhalira pansi. Inu ndinu mkazi, mukudziwa. Nsalu ya munthu amene ukumufuna umaisunga m'sutikesi, umaivala pa Idi. Ndinkati aona okha."

"Ndiye anaona?"

"Ankati ndachikonda kwambiri."

Ummy anamva kuseka kukubwera, koma anakukaniza pakhosi.

"Lero ndawabwezera," anatero Mwanahalima. "Chonse, palibe chatsala kwa ine."

Mawilo a ngolo ankalira pa mchenga.

"Nanga manja anu amanjenjemera chifukwa chiyani?" anafunsa Ummy.

"Magazi otere ndinawaona komaliza pa malemu."

Mwina zinali zoona. Ummy anakumbukira kaphesi kaja kakuchotsedwa pa bondo, ndipo sanadziwe kuti akaike mbali iti.

Pa msewu waukulu anaimitsa galimoto ya matola yopita ku boma. Anthu anasendera, Amiri anamugoneka kumbuyo pa machila ake omwewo. Yasini ndi Ummy anakwera. Mwanahalima anaima pambali pa msewu, manja ali pa chitenje chabuluu.

"Ndichapa, ndikakusiyirani kunyumba," anatero. "Mbalame za m'munda mwanu ndiziingitsa mpaka mupeze womweta."

"Chitenjecho mukasiye kwa mlamu wanga. Mbalamezo a Raston apeza munthu."

"Chabwino."

"Halima," anaitana Amiri kuchokera pa machila, mawu ali ofooka.

Mwanahalima sanayandikire. "Mupite bwino, bambo a Kalilu," anatero, natembenuka kulowera njira ya kudambo.

Ku chipatala anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Dokotala wachinyamata anayang'ana mphasa ija, anakhudza zala za kuphazi, nauza Amiri kuti azigwedeze. Zinagwedezeka. Anafunsa ngati wadya kapena kumwa kanthu chivulalire, Ummy anati ayi. Anadula zidutswa zija ndi sizasi chimodzichimodzi, natsegula mphasa.

"Anamanga ndani?"

Ummy anayang'ana pansi. Amiri anali maso, akumvetsera.

"Amene anamangayu wapulumutsa mwendo," anapitiriza dokotala. "Ambiri amabwera atakokedwa, kapena atathira dothi pa chilonda. Uwu tiutsuka ku fiyeta madzulo ano, tikonza fupa. Ayenda. Mwachita bwino, mayi."

Kukanakhala kosavuta kungovomera ndi mutu. Yasini anali panja, ndipo Amiri sakanayerekeza kutsutsa.

"Si ine," anatero Ummy. "Ndi mayi wa munda woyandikana ndi wathu. Ine ndinangomasula mfundo ya pa kakolo zala zitazizira." Anapuma. "Ndi ina imene sindinayenera kumasula."

Dokotala sanafunse zambiri. Anaphimba chilonda ndi bandeji yoyera, namanga mwendo pa chitsulo chothandizira, nati asadye kanthu ndipo chilichonse chimene chamangidwa pa mwendowo chisakhudzidwe. Namwino anasonkhanitsa mphasa, mapesi ndi nsalu zamagazi kuti akataye. Ummy anatola chidutswa chimodzi, cha pa ntchafu chija, chimene chinalibe magazi.

Atamulowetsa mu wodi ya amuna, Ummy anakankhira dengu lake pansi pa bedi, pamene ankadziwa kuti ndi pogona pake masabata akubwerawa. Kenako anapita kumiyendo kwa bedi. Anamanga chidutswa chija pa chitsulo cha bedi, mfundo ziwiri, timakiyi tachikasu tikuyang'ana kwa wodwala.

"Chimenecho n'chachiyani?" anafunsa Amiri.

"Ndi katundu wanu. Mwini wake wabweza."

"Wanena choncho?"

"Wakhala akunena kuyambira pa Idi, inu simumamva. Pano muli ndi nthawi. Muzichiyang'ana, muziganiza. Mukadzayamba kuponda pansi, tidzaitana ankhoswe, mudzanene pamaso pawo kumene mwendowu ukufuna kulowera. Ine ndidzakhala nditaganizanso zanga."

Bambo wachikulire wa pa bedi loyandikana, amene mkono wake unali m'chikhakha, anatembenuza mutu kuti aone bwino. Amiri anatsitsa mawu.

"Mayi a Kalilu, chotsani. Anthu azifunsa."

"Mwamva adokotala. Zomangidwa zisakhudzidwe."

Anakhala pansi pa simenti, natsamira khoma. Anatulutsa mbatata imodzi m'dengu, yozizira kale, naisenda bwinobwino. Anatsegula fulasiki. Tiyi anali akadali wofunda. Anathira m'chivindikiro, namwa yekha pang'onopang'ono, dzanja lina litapita pa bedi kukakhudza zala za phazi lija. Zinali zotentha.